Mpeni wabwino sapita nawo pagalayinda

Sabata yatha ndinapsa mtima chifukwa cha mpeni woti si wanga n'komwe. Mnyamata wina wongofika kumene kuchokera ku Joni anatulutsa mpeni wopinda wa chitsulo cholimba, wodula ndithu, n'kuupereka kwa wowotcherera zitsulo pa Mangochi boma kuti amunolere pagalayinda. Moto unathetheka, oonerera n'kumati eya, ukulowa. Pomubwezera, mbali yodulira inali itasanduka ya buluu. Mpeni uja unafera pomwepo.

Chitsulo cha mpeni chimalimba chifukwa anachiwotcha kwambiri, kuchiziziritsa mwadzidzidzi, kenako n'kuchifunditsa pang'ono, pa madigiri ngati 200. Mukachitenthetsanso kupyola pamenepo, kulimba kuja kumachoka ndipo sikubwerera. Mtundu wa buluu umaoneka kutentha kukafika cha m'ma 300. Kodulira n'kopyapyala, ndiye kumapsa m'kuphethira kwa diso. Mpeni wotero umathwa lero, mawa ukangokhudza munga wa kampango wapindika.

Ambirife tinakula ndi Okapi, mpeni umene makolo athu ankabwera nawo kuchokera ku Theba. Unayamba kupangidwa ku Solingen m'dziko la Germany mu 1902, ndipo mu 1988 ntchitoyi inasamukira ku South Africa. Chitsulo chake n'chofewerapo, n'chifukwa chake mwala wosalala wa m'mbali mwa nyanja unkaukwanira. Mipeni ina ya masiku ano, monga yolembedwa D2 kapena S30V, ndi nkhani ina. M'chitsulo chake muli timibulu tolimba kuposa mwala wapabwalo. Mukhoza kukhula mpaka thukuta kamukamu, mwala ndi umene uzitha. Tupa nayo imangoterereka.

Ndiye munthu anolere chiyani? Choyamba ndi mwala wa mbali ziwiri wa m'sitolo za hadiweya uja, kwina kokhakhala kwina kosalala. Amene ali ndi m'bale ku Joni amuuze kuti pobwera asaiwale nolo wa dayamondi, chifukwa palibe chitsulo chimene chimaukanika. Wopanda zonsezi agule sandipepa wonyowetsa, wa nambala 400 ndi 1000, amuyale pagalasi lathyathyathya. Ntchito imatheka bwinobwino.

Chachikulu ndi dzanja. Pendeketsani mpeni madigiri 15 mpaka 20, ndipo musasinthesinthe. Nolani mbali imodzi pamwala wonyowa mpaka chala chimve kachitsulo kopyapyala katapindikira mbali inayo, kuyambira kuchigwiriro mpaka kunsonga. Mukatero tembenuzani. Kenako pitani kosalala, mopepuza dzanja, n'kumaliza ndi kupukutira palamba wachikopa. Mafuta ophikira musawayandikize pamwala, amauma n'kutseka timabowo take. Poti ndi mpeni wopinda, tsukani popindikira pake, umitsani, n'kudonthezapo mafuta a makina osokera, apo ayi zinyenyeswazi za mwala zidya chitsulo m'kati. Zimatenga nthawi, inde, koma akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kudekhako ndi kumene kwatithawa, ndipo ili ndi dandaulo langa lakalekale. Kale pakhomo lililonse pankakhala nolo pansi pa mtengo, wokumbika pakati chifukwa cha mikono ya agogo ndi adzukulu. Mwana wamwamuna ankaphunzira kunola asanaphunzire kupalasa bwato. Kuno kwathu chitsulo sitinachidziwe dzulo: ku Nkope akatswiri ofukula zakale anapeza zotsalira za anthu amene ankagwiritsa ntchito chitsulo zaka zoposa 1,000 zapitazo. Lero adzukulu awo ndi amene akutumbula chambo pasimenti, kusiya mpeni mumchenga, ukabuntha n'kumanena kuti ndi feki. Mchenga ndi wolimba kuposa chitsulo, abale anga. Pitani pagombe la Makawa, Msaka kapena Malembo m'mawa, muone mmene mipeni ikuzunzikira.

Ndipo si mipeni yokha. Timagula injini ya boti ya ndalama zankhaninkhani koma kusintha oilo timaona ngati kutaya ndalama. Ukonde ukang'ambika pang'ono timadikira bowo likule. Kugula timatha, kusamala ndiye ayi. Ndani angatsutse?

Wina anena kuti nkhani ya mpeni ndi yaing'ono. Afunse mayi amene amang'amba milamba tsiku lonse ku Malombe kuti aiwambe, amuuza kuti mpeni wobuntha ndi umene umatema munthu, chifukwa umafuna mphamvu kenako n'kuphonya. Afunsenso ashehe athu. Chisilamu chimaphunzitsa kuti wozinga chiweto anole mpeni bwino kuti nyamayo isazunzike, ndiponso asanolere pamaso pake. Pa Eid ya Qurbani mbuzi ndi ng'ombe zambiri zimazingidwa m'boma lino, kuyambira kwa Mponda mpaka ku Namwera. Kunola mpeni, tsono, ndi chifundo ndithu.

Galayinda tiisiyire makasu, nkhwangwa ndi zikwanje, ndipo ngakhale pamenepo pazikhala chitini cha madzi choviikamo. Inu anyamata obwera ndi mipeni yokongola, gulirani limodzi ndi mwala wake. Inu abambo ndi amalume, khalani pansi ndi mwana Loweruka likubwerali, mumugwire dzanja, mumuphunzitse kunola.