Za Kolona Yothamanga

Mwezi wa Okutobala wafika, mwezi wa Kolona Yoyera, ndipo ife tili ndi kadandaulo. M'mabanja ambiri Kolona inenedwa ngati anthu alikuthawa mvula: wotsogolera asanatsirize Tikuoneni Maria, oyankha ayamba kale. Ana athu a ku nchito ku Lilongwe ndiwo aposa. Atatopa ndi phokoso la msika wa ku Old Town, kapena ndi makalata a m'maofesi a ku City Centre, afika kunyumba mutu uli gwa, napemphera mothamanga kuti akagone. Koma tulo osabwera.

Tamverani tsono zimene anapeza asing'anga a ku Ulaya. M'chaka cha 2001 dokotala Luciano Bernardi wa ku Pavia, m'dziko la Italy, anayesa anthu 23 alikunena Kolona m'Chilatini, wina kutsogolera, wina kuyankha, monga tichitira ife. Tikuoneni Maria mmodzi ndi yankho lake anatenga ngati masekondi 10, ndipo anthuwo, osauzidwa ndi munthu, anayamba kupuma ka 6 pa mphindi, pamene masiku onse apuma ngati ka 14. Kugunda kwa mtima, kuthamanga kwa magazi, ngakhale magazi opita ku ubongo, zonse zinayamba kuyenda m'phazi limodzi ndi mpweyawo, monga amai awiri osinja mu mtondo umodzi. Pamenepo thupi lifatsa. Wonena Kolona mothamanga sapatsa mtima wake nthawi yakuti ufatse chotero.

Ena anafuna kuona m'kati mwa mutu mwenimweni. M'chaka cha 2006 Mario Beauregard wa ku Montreal, ku Canada, anajambula ndi makina ubongo wa masisitere 15 a Karmeli alikukumbukira nthawi imene anamva Mulungu ali pafupi koposa. Sanapeze kamalo kamodzi ka Mulungu m'ubongo ai. Mbali zambiri zinagwira nchito pamodzi. Ife sitinadabwe. Makina angathe kujambula nyumba, koma chaulere cha Mulungu cholowamo sangachijambule.

Amene mupita ku Lilongwe, kacheukeni kwa masisitere a Klara Woyera, pafupi ndi Maula. Galimoto zilikulira pamseu, iwo ali chete pamaso pa Ambuye, osafulumira. Nafenso tiyese mwezi uno: bambo atsogolere pang'onopang'ono, ana adikire atsirize, ndipo pa chinsinsi chilichonse tikhale chete kanthawi, kusinkhasinkha.

Komabe tisanamizane. Pali kulemera kwa mtima kumene kuli nthenda: munthu sagona masabata, sadya, alankhula zofuna kudzipha. Wotere musamdzudzule kuti sapemphera bwino, ndipo musamsiye yekha. Pempherani naye, nimupite naye msanga kuchipatala chapafupi. Ku Lilongwe kuli chipatala cha Bwaila, ndiponso a Yohane wa Mulungu, otchedwa St John of God, amene nchito yao ndiyo kusamala odwala maganizo.