Denga Likonzedwe Mitambo Isanasonkhane

Chaka ndi chaka, mvula yoyamba ikangogwa, timaona anthu ali pamwamba pa nyumba zao, ena akusanjika miyala ndi matayala pa malata, ena akuyala mapepala a pulasitiki pa udzu wovunda. M'masitolo a zipangizo zomangira mumakhala piringupiringu, ndipo amisiri amasowa popeza aliyense akuwafuna tsiku limodzi. Zimenezi sizitikondweretsa konse. Mvula m'dziko lathu lino si mlendo wofika usiku anthu atagona. M'chigawo cha kumwera imayamba cha m'Novembala, m'chigawo chapakati ndi cha kumpoto imachedwerako pang'ono, ndipo imakata cha m'Epulo. Ngakhale mwana wa sukulu adziwa zimenezi. Nanga bwanji munthu wamkulu, wolandira malipiro mwezi ndi mwezi, achita ngati wadzidzimuka?

Tinene poyera kuti vuto lalikulu si umphawi ai, koma kusadziwa chimene chiyenera kuyamba. Ambiri a ife tikapeza kandalama timathamangira penti, chifukwa penti ndiye amaonedwa ndi wodutsa panjira. Koma madzi sayang'ana mtundu wa khoma. Amalowera padenga, amalowera pansi pa maziko. Nyumba yowala kunja, koma yokhala ndi phaso lodyedwa ndi chiswe, sidzapirira mphepo imene imabwera ndi mvula yoyamba. Tsono choyamba ndi denga, chachiwiri ndi njira ya madzi, chachitatu ndi chimbudzi. Penti adikire.

Makolo athu, amene sanali ndi kalendala pakhoma, ankaidziwa bwino nthawi. Akatha kukolola ankamweta udzu m'miyezi ya Juni ndi Julayi, moto wolusa usanautenthe, nauunjika kuti uume, ndipo pofika nthawi ya chizimalupsa nyumba ndi nkhokwe zomwe zinali zitafoleredwa kale. Njerwa nazo ziumbidwe m'miyezi yomweyi, pamene m'madambo mukadali madzi opondera dothi. Wodikira mpaka Okutobala apeza kuti zitsime zaphwa, ndipo amai akubwera ndi ndowa imodzi yokha kuchokera kutali, yoti banja limwe, osati kupondera matope. Koma anzathu a ku Thyolo, Mulanje, Blantyre ndi Zomba asaiwale chiperoni, chimene chimawaza m'nyengo yachisanu: zidina zouma pabwalo ziphimbidwe ndi udzu, apo ai thukuta la sabata lathunthu libwerera kudothi kumene linachokera.

Pa nkhani ya simenti tikhalepo pang'ono, pakuti apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayika. Simenti salimba chifukwa cha kuuma msanga, monga ena aganizira. Amalimba pang'onopang'ono ali wonyowa, ndipo mphamvu zake zimakwanira patapita masiku ngati 28. N'chifukwa chake mmisiri wodziwa ntchito amalamula kuti khoma kapena khonde lithiriridwe madzi m'mawa ndi madzulo kwa masiku osachepera 7. Wina angafunse kuti, ngati simenti afuna madzi, bwanji osangomanga m'dzinja? Yankho n'lakuti kuthirira ndi kwina, kukokolola ndi kwina. Mvula ikamenya pulasitala amene wangopakidwa kumene, imachotsa simenti n'kusiya mchenga wokhawokha, woti mwana aufukula ndi chala. Dzuwa la m'Okutobala nalonso ndi mdani, chifukwa limaumitsa pamwamba msanga ndipo khoma limachita ming'alu. Amene wakakamizika kugwira ntchito m'mwezi umenewu ayambe m'mamawa, aphimbe ntchito yake ndi masaka onyowa. Koma miyezi yabwino ndi Julayi, Ogasiti ndi Sepitembala.

Palinso chifukwa china chimene ogwira ntchito m'Boma achidziwa bwino m'thumba mwao. Mvula ikayandikira, ndalama zimalowera ku feteleza, kumbeu ndi kwa aganyu. Kenaka Khirisimasi, kenaka fizi ya ana m'Januwale. Anthu amene mukanawalemba kuti akumbe ngalande ali kumunda kwao, ndipo palibe angawadzudzule. Kukonza nyumba m'dzinja ndiko kulanda manja kumunda pa nthawi imene munda ukuwafuna kwambiri. Munthu wanzeru agula malata awiri mwezi uno, misomali ndi waya mwezi wamawa, kuyambira nthawi ya masika. Simenti yekha ndiye asagulidwe kudakali kutali, chifukwa akakhalitsa pachinyezi amasanduka mwala m'thumba momwemo.

Tidziwa kuti ena adzati, nanga msomali ungaletse namondwe? Zoona, sungathe. Namondwe wa Freddy, amene anakantha chigawo cha kumwera m'Malichi 2023, anagumula phiri la Soche nakokolola nyumba za ku Chilobwe, zolimba ndi zosalimba zomwe, ndipo anthu oposa theka la miliyoni anasowa pokhala. Pamenepo mankhwala ake ndi kusamanga m'mapiri ndi m'njira za madzi. Koma namondwe wotere sabwera chaka chili chonse, pamene madenga amasasuka chaka chili chonse. Amasasuka ndi mphepo wamba, chifukwa phaso silinamangiriridwe kukhoma ndi waya, kapena chifukwa mmisiri anaumira misomali. Makoma ambiri amagwa osati ndi chigumula, koma ndi madzi a padenga lomwelo, amene akhala akudonthera patsinde pa khoma miyezi itatu popanda khonde kapena kangalande kowapatutsa.

Za chimbudzi sitichita manyazi kuzinena. Dzenje lokumbidwa m'dzinja limadzaza madzi ndi kugumuka, ndipo lokumbidwa kale koma losafolera limatitimira mvula ikalimba. Banja likasowa chimbudzi limapita kuthengo, ndipo madzi amatenga zonsezo kupita nazo kuchitsime. Kolera amene anabuka m'chaka cha 2022 nafika mpaka 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Chimbudzi chikumbidwe m'chilimwe, kumunsi kwa chitsime, pamtunda wosachepera mamita 30, ndipo chifoleredwe ngati nyumba.

Kwa inu okhala m'nyumba za Boma kapena za lendi, nkhani ya denga lodontha iperekedwe kwa eni ake m'Juni, polemba kalata, osati m'Disembala pamene madandaulo achuluka. Koma ngalande ya kuseri kwa khitchini yodzaza zinyalala sifuna kalata. Ifuna khasu ndi Loweruka limodzi. Atsogoleri a m'madera nawo, asanaitanitse msonkhano wouza anthu zaukhondo, ayambe azungulira nyumba zao.

A nthambi yoona zanyengo amalengeza chaka chili chonse, mvula isanayambe, m'mene dzinja lidzakhalire, ndipo za tsiku ndi tsiku zimamveka pawailesi. Amene nthawi yamupitirira amvetsere zimenezi, asankhe masiku a ng'amba kuti atseke podontha ndi kutsegula ngalande. Pulasitala, penti ndi kusasula denga lonse aziike pambali mpaka mvula itakata.