Kuona maso a nkhono n'kudekha: za mdzukulu wanga ndi chithunzi choviikidwa m'tiyi

Kuno ku Thyolo chiperoni chatigwira masiku atatu osaona dzuwa.

Sabata ino ndidafuna kulemba za miyambi ya paukwati, koma pakhomo pano pabuka mlandu umene wandilanda cholembera. Mlanduwo ndi wa mdzukulu wanga wamkazi, yemwe ali Folomu 3 pa sekondale ina yoyendera pakati pa minda ya tiyi. Pasukulupo pabwera mphunzitsi wa zaluso amene akuphunzitsa ana kujambula zithunzi ndi kudinda zojambula papepala, ndipo mtsikanayu walowamo ndi mtima wonse. Bambo ake, mwana wanga wachisamba, sakukondwa. Akuti mayeso a MSCE sali kutali, mapanga awiri avumbwitsa, ndipo nthawi imene mwana akuthera posema labala ndi kuviika mapepala m'beseni akadaithera pa masamu ndi sayansi. Adadza kwa ine poganiza kuti, pokhala ndidali mphunzitsi wamkulu, ndimuthandiza kudzudzula mwanayo. Ndidamukhumudwitsa. Ndaima kumbali ya mdzukulu wanga, ndipo ndifuna kufotokoza chifukwa chake, pakuti mlanduwu si wa banja lathu lokha.

Ndiyambe ndi kuulula tchimo langa. Zaka zonse zimene ndidayendetsa sukulu, nthawi ya phunziro la luso ndiyo idali nkhokwe yotapamo aliyense. Mayeso a Sitandade 8 akayandikira tinkailanda n'kuipereka ku masamu ndi Chingerezi, ndipo palibe kholo lidabwerapo kudzadandaula. Ku koleji ya aphunzitsi adatiphunzitsa kudula mbatata kapena chinangwa pakati, kusemapo kaduwa, kupaka utoto n'kudinda papepala. Ife tinkaseka, tikumati awa ndi masewera a tiana. Tsono mwana wanga akamanyoza phunziroli akungobwereza zimene adaziona kwa bambo ake.

Tsiku lina mtsikanayu adabwera ndi chitini cha mkaka wa ufa. M'kati adachipaka utoto wakuda, pansi pake adaboola kabowo ndi singano, kukamwa kwake adamangako pepala lopyapyala. Adandifunditsa bulangeti kumutu nati, "Agogo, tayang'anani papepalapo." Ndidaona mtengo wathu wa mapeyala uli chadodolido, tsinde kumwamba, nthambi pansi. Iye adandifotokozera kuti kuwala kumayenda molunjika, kotero kochokera kunsonga kukadutsa pakabowo kumakagwera m'munsi, ndipo kochokera patsinde kumakagwera pamwamba. Zimenezi ndidazilembapo pabolodi kambirimbiri, koma kuziona ndi maso ndidaziona tsiku limenelo, ndili ndi zaka zoposa 70, mutu uli m'bulangeti. Bambo ake akamati mwana wasiya sayansi, ndimafunsa kuti nanga iyi ndi chiyani.

Chidandigwira mtima kwambiri ndi china. Pali njira yakale yotsukira zithunzi yosalira magetsi kapena chipinda chamdima wandiweyani, yotchedwa cyanotype. Adaitulukira ndi John Herschel wa ku England mu 1842, ndipo mu 1843 mayi wina, Anna Atkins, adayamba kutulutsa buku la zomera za m'nyanja zojambulidwa mwa njirayi, limene ambiri amaliwerengera kukhala buku loyamba la zithunzi zotere. Amasakaniza mankhwala awiri okhala ndi chitsulo, n'kupaka papepala, n'kuliumitsa kosafika dzuwa. Pamwamba pake amaikapo tsamba, nthenga, kapena chithunzi cha pafoni chosindikizidwa motembenuza pa pulasitiki yoonekera, poyera pakhale pakuda, pakuda pakhale poyera. Amapsinja ndi galasi n'kuika padzuwa mphindi 10 kapena 20, malinga ndi ukali wa dzuwalo. Akatsuka m'madzi, pamene dzuwa lidafika pamasanduka buluu wozama, pamene padatchingidwa pamatsala poyera.

Apa tsono ndi pamene Thyolo akulowera. Chithunzi cha buluu chija akachiviika pang'ono m'madzi a soda kuti chisuluke, n'kuchimiza m'tiyi wowirira wopanda shuga ndi mkaka, chinthu chomwe chija chimadetsa m'kati mwa kapu chimagwirana ndi chitsulo cha papepala, ndipo chithunzi chimasanduka chofiirira modera, ngati zija tinkazisunga m'Baibulo. Tiyi wathu yemweyu, wa m'minda imene mwanayu amaidutsa m'mawa uliwonse.

Zisanu zoyamba zidakanika. China chidapsa chifukwa adachisiya padzuwa atatumidwa kumjigo, china chidayera mbuu chifukwa adapupuluma kuchichotsa, china tiyi adachidetsa chonse. Adalira, adayambanso. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha: nkhono ukaigwedeza imalowa m'chigoba, koma ukakhala chete imatulutsa yokha tinyanga take. M'kalasi mwambiwu ndinkaumasulira ndi pakamwa, ana n'kulemba m'makope, n'kukhoza mayeso. Mphunzitsi wa zalusoyu akuuphunzitsa ndi pepala ndi dzuwa, ndipo ndikuvomereza kuti akundiposa. Yerekezani ndi zimene zimachitika paukwati masiku ano: mafoni m'mwamba, zithunzi mazanamazana, koma pakatha chaka foni yabedwa kapena yafa, ndipo pakhoma palibe ngakhale chimodzi.

Za kudinda sindichulukitsa. Amasema chojambula pa labala, kupaka inki, kupsinjapo pepala n'kusisita kumbuyo ndi supuni. Tsiku loyamba adasema dzina lake bwinobwino, ndipo litadindidwa lidatuluka chobwerera m'mbuyo, ngati pakalilole. Ndidaseka, koma mumtima ndidachita manyazi, pakuti chidindo cha sukulu ndidachigwira zaka zosawerengeka osalingalirapo kuti munthu wochisema amayenera kuganiza chotembenuza. Ndiponso pa labala palibe chofufutira. Mpeni ukadya pamene sunayenera kudya, madzi atayika, sawoleka. Mwana wophunzira kuganiza asanadule sindimamuwerengera kuti akutaya nthawi. John Muafangejo wa ku Namibia, amene adaphunzira lusoli ku Rorke's Drift ku South Africa namwalira mu 1987, adalemba mbiri ya anthu akwawo ndi kampeni kotereka, ndipo ntchito zake zimasungidwa m'nyumba zoonetsera zaluso za maiko akutali. Kwa amene amati zonsezi n'zachizungu, apite ku Chongoni ku Dedza akaone malo 127 a zojambula pamiyala, amene UNESCO idawalemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Makolo athu sadadikire kamera kuti asiye chizindikiro.

Taganiziraninso liwu lomweli lakuti chithunzi. Liwu la Chingerezi lidachokera ku Chigiriki, ndipo limatanthauza kulemba ndi kuwala. Ife tidayang'ana mbali inayo: chithunzi ndi mbale wake wa mthunzi ndi chithunzithunzi. Agogo anga aakazi ankathawira kuseri kwa nkhokwe akamva kuti kwabwera wojambula, poti munthu sapereka chithunzithunzi chake kwa mlendo. Tili anyamata ophunzira tinkawaseka. Lero ndimaona kuti adali ndi funso labwino, ngakhale yankho lawo lidali la mantha: wotenga chithunzi chakoyo apita nacho kuti, ndipo akanena zotani za iwe?

Funso limeneli ndi lolemera kuno kwathu. Tiyi wa malonda adayamba ku Mulanje mu 1891, pamene Henry Brown adamubzala pa Thornwood. Kuno ku Thyolo esiteti ya Satemwa idayambitsidwa ndi Maclean Kay mu 1923, ndipo lero mayina a Naming'omba, Conforzi ndi Makwasa amadziwika ndi mwana aliyense. Manja amene adalima mapiri amenewa adali a Amang'anja ndi a Alhomwe ochokera ku Mozambique, ambiri a iwo pansi pa thangata, kugwira ntchito kwa mwini esiteti ngati malipiro a malo okhalapo. Mu Ogasiti 1953 mkangano wa malalanje pa esiteti ya Mangunda udayatsa moto umene udafalikira m'chigawo cha kummwera, anthu 11 naphedwa. Thangata adathetsedwa ndi lamulo mu 1962. Tsono tsegulani kalendala kapena kabuku kokopa alendo muone Thyolo wake: mizere yobiriwira yokwera phiri, nkhungu pang'ono, ndi msana wa mayi wobereka dengu. Msana ndithu. Nkhope yabisala, dzina palibe. Minda yathu yajambulidwa kwambiri, koma anthu ake amaikidwamo ngati mmene amaikira duwa patebulo.

Bambo anga adatchola tiyi zaka zoposa 30 pa esiteti ina. Manja awo ndimawakumbukira, zala zakuda zothetheka, koma nkhope yawo ikuzimirira m'mutu mwanga chaka ndi chaka, ndipo m'banja lonse mulibe chithunzi chawo ngakhale chimodzi. Wojambula ankabwera panjinga pa Khirisimasi, koma mtengo wa chithunzi udali ndiwo za sabata. Mwina alimo m'chithunzi cha mlendo wina kutsidya kwa nyanja, atatembenuka msana. Adzukulu anga mukandifunsa kuti ankaoneka bwanji, ndimangoloza mmodzi wa inu n'kuti mphuno ngati iyo.

Amene adadziwa msanga mphamvu ya chithunzi adali wa ku Chiradzulu, boma loyandikana nafe. Mu 1914 John Chilembwe adajambulitsa ndi mmishonale mnzake John Chorley pa tchalitchi chake chatsopano ku Mbombwe. M'chithunzimo Chilembwe wavala chipewa, pa nthawi imene munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa pamaso pa mzungu. Chaka chotsatira, 1915, iye adaphedwa ndipo tchalitchicho chidagumulidwa ndi boma la atsamunda. Chithunzi chidatsala. Patapita zaka zoposa 100, Samson Kambalu, mwana wa Malawi wophunzitsa zaluso ku Oxford, adachitenga n'kuumba nacho chiboliboli chimene chidaima pa Trafalgar Square ku London kuyambira mu 2022 mpaka mu 2024, Chilembwe ali wamkulu kuposa mnzakeyo, chipewa chili kumutu. Njerwa zidagwa, kapepala kadafika pakati pa likulu la amene adazigwetsa.

Mphunzitsi adawatuma kuti aliyense ajambule munthu ali pantchito. Mdzukulu wanga adatenga foni ya amayi ake n'kukaima pamsewu wa m'munda, kufuna kujambula mobisa. Mayi wina wotchola tiyi adamuona nati, "Mwanawe, kwanu salonjera? Ukandijambula, chithunzicho chipita kuti?" Mwana adabwera kunyumba atagwa nkhope. Ndidamuuza kuti mayiyo wamuphunzitsa chimene palibe buku la kamera lingamuphunzitse. Pakhomo pa munthu timayamba ndi odi, n'kudikira kuti atiyankhe. Nkhope ya munthu ndi khomo lakenso. Mawa lake adabwerera madzulo ataweruka, adagwada, adapereka moni, adadzitchula kuti ndi mwana wa yani, napempha. Mayiyo adavomera, koma adati ayambe wasamba m'manja ndi kumanga bwino duku, ndiponso adafuna kuyang'ana kutsogolo. Mlendo wa pagalimoto sakadadikira zimenezo.

Pano ndiyenera kuchenjeza, kuti musaganize kuti gogo wakalamba n'kuyamba kuvomera chilichonse. Si zonse zoyenera kujambulidwa. Ndaonapo achinyamata akuloza foni pankhope ya maliro, ena akujambula ofedwa akulira, n'kutumiza pa WhatsApp mwambo wa kumanda usanathe. Ndaonapo za kutsimba ndi za kudambwe, zimene akuluakulu adazitchinga ndi mpanda, zikuyenda m'matumba a ana. Tchopa, amene UNESCO idamulemba mu 2014, mujambuleni akuvinidwa pabwalo, koma pofika pa nsembe funsani eni ake. Ichi ndi chifukwa china chimene ndifunira kuti lusoli liphunzitsidwe m'kalasi. Mafoni ali kale m'manja mwa ana, kaya tifune kaya tisafune. Chosowa ndi munthu wamkulu wowauza nthawi yotsitsa dzanja.

Kwa mwana wanga sindinganame. Sindingalonjeze kuti zithunzi zidzamupezera mtsikanayu ntchito, ndipo ndikudziwa kuti mankhwala ndi mapepala n'zodula, kuti sukulu zambiri zilibe ngakhale madesiki okwanira. Nkhawa yake ndi ya kholo lolipira fizi, ndipo ndikuilemekeza. Koma mapanga awiri amavumbwitsa munthu wothamangira uku ndi uku. Mwana amene wapeza sayansi m'chitini, kudekha m'beseni ndi ulemu pamsewu wa m'munda ali m'phanga limodzi. Tidapangana kuti apitirize, malinga masamu asatsike; akatsika, ine ndemwe ndidzakhala naye pansi ndi choko, monga kale.

Chithunzi cha mayi uja chidatuluka pa ulendo wachitatu, choviikidwa m'tiyi, m'munsi mwake mtsikanayu atadindamo dzina la mwini wake ndi zilembo zosema yekha, ulendo uno zoyang'ana koyenera. Adadinda ziwiri, chimodzi cha aphunzitsi, china adakapereka. Akuti mayiyo adachiyang'ana nthawi yaitali, nati akufanana ndi malemu amayi ake, nachikulunga m'nsalu kuti chisanyowe ndi mame. Bambo ake a mwanayu sadanene kanthu, koma Lamlungu ndidawaona akufunsa mtengo wa galasi kwa kalipentala.

Tsopano akuti wotsatira ndine. Ndamuuza kuti ndivala jekete yanga yakuda ndi chipewa, ndipo sindichivula. Pepala wapaka kale, lili m'kabati. Tikungodikira chiperoni chichoke.