MADZI AFIKE KU MTANDIRE, OSATI PA MWALA WA MAZIKO

Achinyamata anzathu a mu Lilongwe, tamverani.

Kontirakiti yokoka madzi ku nyanja ya Malawi, kuwayeretsa ku Salima ndi kuwapopa mtunda wa makilomita pafupifupi 120 kudzafika mu mzinda uno idaperekedwa mu 2016. Mwana amene adabadwa chaka chimenecho ali ku pulayimale tsopano, ndipo m'mawa uliwonse amayamba watunga madzi pa kiyosiki asanapite kusukulu. Madzi a ku Salimawo sanawalaweko ngakhale dontho.

Mzindawu sukudikira munthu. Kalembera wa 2008 adapeza anthu pafupifupi 670,000. Wa 2018 adapeza pafupifupi 1 miliyoni. Koma tonsefe tikudalirabe mtsinje umodzi wa Lilongwe ndi madamu awiri a Kamuzu, pomwe nkhalango ya Dzalanyama, kumene mtsinjewo umachokera, ikuthera m'matumba a makala.

Mpopi ukauma anthu sasiya kumwa. Amapita pa chitsime chokumbidwa pafupi ndi chimbudzi. Zotsatira zake tidaziona: kolera ya 2022 mpaka 2023 idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zidachedwa kutsegulidwa. Anthu amenewo tidawaika m'manda ndife.

Ndiye tisanamizane. Malo atsopano oyeretsera madzi tikuwafuna, ndipo tikuwafuna msanga. Koma makinawo ali ndi phindu lanji ngati mapaipi akuthera kumayadi, ife a ku Mgona, Chinsapo, Kauma ndi Mtandire n'kumagulabe madzi pa chigubu? Ngongole yomangira tidzabweza tonse, eti? Ndiye madzinso timwe tonse basi.

Tikufuna zinthu zitatu:

1. Kontirakiti yonse, mtengo wake ndi ngongole zake ziikidwe poyera. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku boma lidayamba kugwira ntchito mu 2020. Si kupempha chifundo uku.
2. Atiuze tsiku lenileni lomaliza ntchito, ndi dzina la amene adzayankhe likadzadutsa.
3. Ationetse mapu a mapaipi, dera ndi dera, kuyambira komwe kulibe madzi.

Inu ntchito yanu nayi: tsiku lililonse mpopi ukauma, lembani dera, tsiku ndi maola, jambulani mzere wa zigubu, tumizani pa gulu la dera lanu. Kaundula ameneyu tikamutula kwa makhansala ndi aphungu athu, tione ngati angamukane.

Uthengawu usathere pa foni yanu. Utumizeni kwa anzanu khumi.