Makala a zitsononkho angathandize nthaka ya Chitipa, koma tisadule mitengo

Alimi anzanga, aliyense amene anakulira ku Nthalire, Wenya kapena Chisenga akudziwa visoso. Makolo athu ankadula nthambi za mitengo, kuziunjika, kuzitentha, n'kufesa mawere pa phulusalo. Ku Zambia ulimi womwewu amautcha chitemene. Mawere ankacha ndithu, ndipo agogo aja sanali opusa. Malo ambiri a mvula yochuluka monga mapiri a Misuku ali ndi nthaka ya asidi, ndipo phulusa limachepetsa asidiyo komanso limapatsa mbeu mchere wa potashi ndi kashiamu.

Vuto lake nlakuti mphamvu ya phulusa sikhalitsa. Mvula ya chaka chimodzi kapena ziwiri imatsuka zonse, mlimi n'kukadulanso kwina. Kale mitengo inkapeza nthawi yophukira chifukwa anthu tinali ochepa. Lero tachulukana, ndipo mapiri ena atsala mbee.

Masiku ano kwamveka nkhani ya biochar. Dzinali lisatiopse: awa ndi makala opangidwa kuchokera ku zotsalira za m'munda, operedwa n'kuthiridwa m'nthaka. Phulusa limatsala moto ukanyeka mpaka mapeto. Makala amatsala motowo ukaperewera mpweya. Khala lililonse lili ndi timabowo tosaoneka ndi maso, tomwe timasunga madzi ndi chakudya cha mbeu kuti zisalowe pansi pomwe mizu singafike. Makala saola msanga. Ku Amazon m'dziko la Brazil kuli nthaka yakuda yotchedwa terra preta, yomwe anthu akale anaithira makala ndi zinyalala za pakhomo zaka mazana ambiri zapitazo, ndipo mpaka pano ndi yachonde kuposa nthaka yoizungulira.

Pafupi ndi ife, akatswiri anayesa makala m'minda ya chimanga m'madera asanu a ku Zambia, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa m'chaka cha 2013. Ku Kaoma, komwe nthaka ndi yamchenga ndi ya asidi, matani 4 a makala pa hekitala anachulukitsa zokolola kupitirira katatu. Koma m'minda ina ya nthaka yabwino kale, kusintha sikunaoneke kwenikweni. Apa pali phunziro: makala ndi mankhwala a nthaka yodwala, ndipo sapindulitsa paliponse chimodzimodzi. Tisaiwalenso kuti m'minda yoyeserayo ankathira feteleza.

Apa ndiye ndimasiyana maganizo ndi ena amene akuuza alimi kuti makala alowa m'malo mwa feteleza. Ndikumvetsa kuti mitengo ya feteleza yatipweteka, makamaka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Komabe m'makala mulibe naitirojeni wokwanira kudyetsa chimanga. Ine ndinadzionera ndekha. Ulendo wanga woyamba ndinathira makala ouma, ongochoka pamoto, m'mizere ingapo kuseri kwa nyumba. Chimanga chinamera chachikasu, anansi n'kumandiseka kuti sukulu yandisokoneza mutu. Makala opanda kanthu amayamba akhuta okha chakudya cha m'nthaka mbeu isanalaweko. Amafunika kuwadyetsa kaye.

Kapangidwe kake sikafuna ndalama. Kumbani dzenje lotambalala kukamwa koma lopanikiza pansi. Yatsani moto pang'ono pansipo ndi zitsononkho zouma. Mukaona kuti pamwamba payamba kuyera phulusa, onjezerani zina, n'kumatero mpaka dzenje lidzaze. Kenaka zimitsani ndi madzi ambiri, kapena kwirirani ndi dothi kuti mpweya usalowe. Makalawo muwasinje, muwasakanize ndi manyowa a m'khola kapena kompositi, ndipo zikhale pamthunzi zili zachinyontho kwa masabata awiri kapena atatu. Amene mumapanga manyowa a Mbeya ndi madeya, phulusa, ndowe ndi feteleza pang'ono, mukhoza kuthirako makalawo pamene mukusakaniza. Pobzala thirani pa phando, osamwaza munda wonse, chifukwa makala a banja limodzi sangakwane ekala.

Tsopano chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi ichi. Nkhaniyi ikafalikira molakwika, wina adzanyamula nkhwangwa kulowera ku nkhalango za Mughese, Wilindi ndi Matipa, kapena ku Mafinga, ati akukapanga biochar. Tikatero ndiye kuti tangobweretsa visoso m'dzina lachingerezi. Nkhalango zimenezi ndi zomwe zimasunga akasupe omwe amamwetsa midzi ndi minda ya khofi. Lamulo la za nkhalango lomwe linakonzedwanso m'chaka cha 2020 linakhwimitsa zilango kwa otentha makala opanda chilolezo, ndipo palibe chifukwa choti mlimi akalowe m'ndende chifukwa cha nthaka.

Zipangizo zoyenera tili nazo kale: zitsononkho zotsala tikatha kutong'ola, mitengo ya nandolo tikakolola, mapesi a mpendadzuwa, makoko a mtedza ndi a khofi. Mapesi a chimanga okha musawatenthe. Asiyeni aphimbe nthaka kapena adye ziweto. Ndikudziwa kuti amayi ambiri amaphikira zitsononkho. Zimenezo sizoletsa ai: nsima ikapsa, zimitsani makala otsala pa mafuwa ndi madzi, muwasunge m'thumba mpaka nthawi yobzala.

Pempho langa kwa alangizi ndi magulu a alimi nlakuti tisakakamize munthu, koma tiyese. Chaka chino sankhani mizere khumi pamalo pomwe chimanga chimakanika. Isanu thirani manyowa osakaniza ndi makala, inayo manyowa okha, feteleza mofanana monsemo. Pokolola muyeze padera. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Ngati kusiyana kulipo, onjezerani mizere chaka chamawa. Ngati kulibe, mwataya zitsononkho zokha, ndipo mitengo ya m'phiri idakali chilili.