Musanatumize ndalama za purosesa

Achinyamata ambiri masiku ano safuna kompyuta yogula yathunthu. Wina akufuna yojambulira nyimbo m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba, wina yokonzera mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe, wina yojambulira mapulani a nyumba. Akawerengera za m'thumba amaona kuti kuli bwino kugula zipangizo pang'onopang'ono, mwezi uno purosesa, mwezi wamawa RAM, zikakwana n'kulumikiza okha. Maganizo amenewa ndimagwirizana nawo. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi malangizo amene amalandira.

Owalangiza amakhala anthu owafunira zabwino. Mnzake wa kukoleji amati, "Aise, gula Core i5, sudzadandaula." Asuweni ake a ku Johannesburg amaimba foni kuti apeza motherboard yotchipa, angotumiza ndalama ibwere pa basi. Palibe amene wanama, koma palibenso amene wafunsa ngati ziwirizo n'zoyendera limodzi. Dzina loti Core i5 kampani ya Intel inayamba kuligwiritsa ntchito mu 2009, ndipo kuchokera nthawi imeneyo soketi, pamene purosesa imakhala, yasintha kangapo. Kungoti i5 kuli ngati kutuma mwana kukagula nsapato osamuuza saizi.

Soketi yotchedwa LGA1151 ndiyo yosokoneza kwambiri. Purosesa ya i5-6500 ndi ya i5-8400 zonse zimalembedwa kuti ndi za soketi imeneyi. Mukatenga i5-8400 n'kuiika pa motherboard yakale ya H110, imalowa bwinobwino, kachitsulo kake n'kutsekeka popanda vuto. Mukayatsa, sikirini imangoti bii. Chifukwa chake n'chakuti mapurosesa a m'badwo wa 8 ndi wa 9, monga i5-8400, amafuna motherboard ya gulu la 300, monga H310, B360 kapena Z370. Munthu amayamba kuganiza kuti amugulitsa chinthu chakufa, pamene chilichonse pachokha n'chamoyo.

Ku kampani ya AMD nkhani yake ndi ina. Soketi yawo ya AM4 inatuluka mu 2016 ndipo yakhalitsa, n'chifukwa chake ambiri amailimbikitsa kwa amene ndalama zili zochepa. Amanena zoona. Koma motherboard ya B450 inatuluka mu 2018, pamene mapurosesa a Ryzen 5000 anabwera kumapeto kwa 2020. Ngati motherboardyo yakhala m'katoni kuyambira kale, siidziwa purosesa yatsopanoyo mpaka BIOS yake itasinthidwa. Motherboard zina zili ndi kabatani kumbuyo kosinthira BIOS pogwiritsa ntchito flash yokha. Zimene zilibe zimafuna kuti muyambe mwaikapo purosesa yakale. Apa ndi pamene mmisiri wokonza makompyuta, uja amasunga mapurosesa akale m'kabati, amaposa mlangizi aliyense wakutali.

RAM nayo ili ndi zake. DDR4 ndi DDR5 zonse zili ndi timano 288, koma kampata ka pakati kali pa malo osiyana, ndipo mukakakamiza mungathyole. Soketi ya AM5, imene inabwera mu 2022, imalandira DDR5 yokha. Ku Intel, motherboard za LGA1700 zina ndi za DDR4, zina za DDR5, choncho werengani dzina lonse. Yang'ananinso chilembo cha kumapeto kwa dzina la purosesa. Ya Intel yothera ndi F, monga i5-12400F, sionetsa chithunzi payokha popanda graphics card. Ryzen 5 5600 nayonso sionetsa, koma 5600G imaonetsa.

Pali langizo lina lofala kwambiri kuno kwathu, loti mugule kompyuta ya kaunjika yochokera m'maofesi akunja, monga Dell OptiPlex, n'kuikamo graphics card. Makompyuta amenewa ndi olimba, ndipo pa ntchito za muofesi kapena za kusukulu ndimawalimbikitsa ndi mtima wonse. Koma ambiri ali ndi bokosi lopyapyala lomwe limangolola khadi lalifupi, power supply yake ndi ya mphamvu yochepa, ndipo mapulagi ake nthawi zambiri amakhala a kampaniyo yokha, osati aja a timabowo 24 opezeka paliponse. Wolangiza akabisa mbali imeneyi, mnzake amatsala ndi khadi lodula lopanda kolowa.

Mwina wina angati zonsezi zimachitika kulikonse. Zimachitikadi, koma kulemera kwake n'kosiyana. Munthu wa ku London akagula cholakwika amabweza kusitolo n'kulandira ndalama zake. Ife chipangizo chikabwera pa basi, kapena m'chikwama cha azakhali amene abwera kutchuthi, sichibwereranso. Ndalama zakunja zimene munavutika kuzipeza zapita, ndipo mudzagulitsa chinthucho motchipa kwa amene chingamukwane. N'chifukwa chake malangizo olembedwa ndi anthu akunja, ngakhale ali olondola, amafunika kuwasefa.

Kusefako kuyambire pa power supply. Magetsi athu ndi a mavoti 230, ndipo amazima n'kuyaka mosayembekezereka. Power supply zina zakale zochokera ku America zili ndi kaswitchi kofiira kumbuyo, ndipo kakakhala pa 115 inu n'kulumikiza kukhoma, zimapsa nthawi yomweyo. Zimandipweteka kuona mnyamata atawonongera ndalama zonse pa graphics card, kenako n'kutola power supply yopepuka yopanda dzina kuti ingoyatsa. Chipangizo chimenechi ndicho chimadyetsa zina zonse, ndipo chikafa moipa chimatha kupha motherboard. Ine ndingakonde kuti munthu achepetse mphamvu ya purosesa koma apeze power supply yodalirika ndi UPS, makamaka ngati ntchito yake ndi ya makasitomala.

Kwa inu olangiza, pempho langa ndi loti musanatchule dzina la chipangizo muzifunsa kaye kuti kompyutayo ndi ya ntchito yanji, ndiponso mnzanuyo ali kale ndi chiyani. Wojambula nyimbo amafuna RAM yokwanira ndi mafani osasokosa kuposa khadi lamphamvu. Ndipo inu ogula, safunsa anadya phula, koma funsani ndi dzina lathunthu. Jambulani pa foni zilembo zimene zili pa motherboard, muzitumize kwa asuweni anuwo asanalipire. Makampani monga ASUS, Gigabyte ndi MSI amasindikiza mndandanda wa mapurosesa amene motherboard iliyonse imalandira, pamodzi ndi BIOS yofunika. Ngati n'kotheka, purosesa, motherboard ndi RAM muzigule nthawi imodzi kwa munthu mmodzi. Mukamagula kuno, muuzeni wogulitsa azilumikize pa tebulo lake, ayatse, muone BIOS pa sikirini ndi maso anu musanapereke ndalama.