Siyani Mwana Wofuula Kuti "Yesu!", Funsani Wogulitsa Yesuyo

Mlungu watha, mtsikana wina wa m'kalasi mwanga analipila K2. Mlandu wake unali wakuti anafuula kuti "Yesu wanga!" pamene minibasi inatsala pang'ono kumugunda pa geti ya sukulu. Kagulu ka mapemphelo ka pa sukulu pathu kanaika lamulo lakuti aliyense wotukwana kapena wochula dzina la Mulungu pacabe aponye ndalama m'kabotolo. Mtsikanayo anaponya ndalamayo manja akali kunjenjemela.

Caka catha, amayi a mtsikana yemweyu anagulitsa filiji yawo. "Munthu wa Mulungu" wina wa m'komboni anawauza kuti akabyala mbeu ya ndalama, amuna awo adzacila. Iwo anabyala mbeuyo, ndipo pambuyo pake anaika malilo. Mpaka lelo palibe amene anapita na kabotolo kwa munthu uja. Conco funso langa kwa Akhristu anzanga ni ili: pa anthu awiliwa, n'ndani anachula dzina la Mulungu pacabe?

Musanimve molakwa, sinikuikila kumbuyo matukwana. Imililani pa Kulima Tower kwa mphindi khumi cabe mumvetsele mmene anyamata oitanila mabasi amalankhulila. Mudzaona kuti matukwana ambili amagwela pa thupi la amayi a munthu, mayi amene kulibe pamalopo ndipo sanalakwe ciliconse. Mwana amene amamva zimenezi tsiku lililonse amakula poganiza kuti mkazi ni cinthu cotukwanila. Buku la Yakobo caputa 3 limayelekezela lilime na moto, ndipo ife okhala m'komboni tidziwa kuti ndeu zambili zimayambila pakamwa. Pa nkhani imeneyi nili pamodzi na a kagulu aja.

Pamene tisiyana ni pa lamulo limene amagwila. Lili pa Ekisodo 20:7 na pa Deuteronomo 5:11. Akatolika amaliwelenga monga laciwili, machechi ena ambili monga lacitatu. M'Ciheberi, liwu limene ife timati "kuchula" limatanthauza kunyamula kapena kukweza, ndipo limene timati "pacabe" limatanthauzanso bodza kapena cinthu copanda kanthu mkati. Mtima wa lamuloli ni kuletsa munthu kunyamula dzina la Mulungu kuti aphimbile bodza lake. Levitiko 19:12 imaletsa kulumbila monama pa dzinalo. Pa Mateyu 5:33-37, Yesu anafika poletsa malumbilo, cifukwa munthu woona safunika kukokela kumwamba kuti anthu amukhulupilile.

Tsopano tiyang'ane dziko lathu. Pa 29 December 1991, a Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ni dziko la Cikhristu. Mu 1996 mawuwo analowa m'mawu oyamba a malamulo aakulu a dziko. Kuyambila mu 2015, pa 18 October timakhala na tsiku la mapemphelo. Dzina la Mulungu lili paliponse: pa magalasi a minibasi, pa zitseko za masaluni, pa misonkhano ya kampeni. Akuluakulu a boma amalumbila atagwila Baibo, mboni za m'khoti nazonso cimodzimodzi. Dziko limene lanyamula dzinali motele lifunika kuliopa kuposa maiko ena onse.

Koma onani zimene timacita nalo. Mwini kantemba walemba vesi pa khoma, koma pamela yake imacepa mlungu uliwonse. Wokongola ndalama amanyambita cala n'kuloza kumwamba amvekele "pali Mulungu, nidzabweza pa Cisanu," akudziwa kuti Cisanu cimeneco sicidzafika. Wofuna mavoti amagwada m'chechi ciliconse caka ca masankho, ndipo tikam'sankha sitimuonanso. Wina amagulitsa madzi na mafuta m'tumabotolo kwa odwala amene anafunika kupita ku kiliniki. Onsewa sanatukwanepo. Pakamwa pawo ni poyela monga shati ya pa Sondo.

N'cifukwa ciani timathamangila ana? Cifukwa n'cosavuta. Mwana sayankha, alibe maloya, alibe mpingo womuombela m'manja. Kumulipilitsa K2 kumatipangitsa kumva monga tamenyela Mulungu nkhondo, pamene sitinataye ciliconse. Ndipo mwanayo amaphunzila ciani? Amaphunzila kuyang'ana uku na uku asanatsegule pakamwa. Amaphunzila kuti Mulungu amakwiya na mawu koma sasamala za zocita. Ameneyu akadzakula adzakhala wakuba waulemu kwambili.

Makolo athu anali kudziwa kuti liwu limalemela na zimene lacita. Pa malilo, Mbemba na Mngoni amanyozana mwa cimbuya, anthu n'kuseka misozi ili m'maso, ndipo palibe amene amapita kwawo na bala. Koma mawu okoma akuti "Ambuye aniuza" angasiye banja lopanda filiji, lopanda tate, lopandanso cikhulupililo.

Ena adzati cimo ni cimo, laling'ono na lalikulu lomwe. Cabwino. Ngati n'conco, tiyambile pa lalikulu, limene lili na anthu olila. Ndipo tiyambe na ife akulu.

N'napita ku msonkhano wa kagulu kaja. Sin'nawauze kuti ataye kabotolo. N'nawapempha kuti asinthe mlandu: aponye ndalama munthu amene wagwilitsila nchito dzina la Mulungu kuti anzake akhulupilile cimene iye mwini adziwa kuti si coona. Woyamba kulipila n'nali ine. Masiku angapo m'mbuyomo, kholo lina linanipempha kuti nikaone mwana wawo wodwala, ine n'kuyankha kuti "Mulungu akalola nidzabwela," mumtima nikudziwa kuti sinidzapita. N'nabisala kumbuyo kwa dzina lake kuti nisaoneke woipa.

Iwe mng'ono wanga amene ukuwelenga izi pa foni, leka kutukwana amayi a mnzako. Zimenezo sizikupanga kukhala mwamuna kapena mkazi woopedwa. Koma ukamva munthu akuti "Mulungu" kwinaku dzanja lake lili m'thumba la amayi ako, usaope kumufunsa. Mtsikana uja anaitana Yesu cifukwa anaona imfa pafupi, ndipo limenelo linali pemphelo. K2 yake tinam'bwezela.